Kabokosi kamene ndinalanda mu 2009

Papita masabata angapo ndili chete. Sikuti ndimadwala ayi, koma mapepala a mayeso a Fomu 4 anandiunjikira patebulo, ndipo aphunzitsi anzanga mukudziwa mmene zimakhalira. Lero ndili ndi nkhani imene yandisowetsa tulo, ndiye ndati ndiilembe, mwina mtima ungakhale pansi.

Lachitatu la sabata yatha titaweruka, mtsikana wina wa Fomu 4 anatsalira pakhomo la labu. Dzina sindimutchula. Ndi mwana amene amakhoza Physics ndi masamu kuposa aliyense m'kalasi mwake. Ananyonyomala nati, "Sala, ndikufuna mundiuze zoona. Ine ndikakhoza ndikufuna kukaphunzira electronics, ndizidzapanga zipangizo. Koma bambo akuti zimenezo ndi za ku China, kuno ntchito yake kulibe. Akuti ndikadzamaliza ndidzangokhala pamsika n'kumasintha masikirini a mafoni. Akufuna ndisankhe unamwino. Kodi akunama?"

Ndinamuuza kuti abwere Lolemba. Anadabwa, chifukwa ine ndimadziwika kuti sindichedwa kuyankha. Chimene iye sankadziwa n'chakuti mwana wina anandibweretsera nkhani yonga yomweyi zaka zambiri zapitazo, ndipo ndinayankha msanga, ndinayankhanso molakwa.

Munali mu 2009. Ndinkaphunzitsa pa sukulu ina yoyendera cha ku Ntaja, m'boma la Machinga. Magetsi panalibe. Phunziro lathu nthawi imeneyo linkatchedwa Physical Science, ndipo tikafika pa mutu wa electronics ndinkangojambula diode ndi transistor pa bolodi ndi choko, ana n'kukopera. Ambiri anamaliza sukulu asanaionepo transistor ndi maso.

M'Fomu 3 munali mnyamata wina wokhala kumbuyo, wosalankhulalankhula, Chingerezi chake cha apo ndi apo. Zala zake zinkakhala ndi timabala ta moto. Tsiku lina anandipeza kunyumba atatenga kabokosi ka pulasitiki koikamo sopo, kali ndi waya wautali wotulukira pambali. Anati, "Sala, tatsegulani wailesi yanu pa FM, muziyendetsa pang'onopang'ono cha pa 100." Iye anazungulira kuseri kwa nyumba. Ndinayendetsa, wailesi ikungoti shiii, kenaka mwadzidzidzi munatuluka mawu: "Sala, mukundimva? Sala, mukundimva?"

Atatsegula kabokosiko ndinaona ma transistor awiri amene anazula m'wailesi yakufa, kamaikolofoni ka m'wailesi ya kaseti, ma capacitor angapo, ndi waya wa kopa amene anaukulunga pa chubu cha bolopeni. Zonsezi anawotcherera ndi msomali wotenthetsa pa mbaula. Anaphunzira poonerera bambo wina wachikulire amene ankakonza mawailesi pakhonde la sitolo pa Ntaja. Mnyamatayu ankawatungira madzi, iwo n'kumamupatsa zidutswa zotaya.

Tsoka lake, masiku omwewo nkhani imene inali m'kamwa mwa anthu inali ya Gabriel Kondesi wa ku Mulanje, amene anapanga yekha wailesi yake yotchedwa Pachikweza, n'kumangidwa chifukwa choulutsa mawu popanda chiphaso cha MACRA. Ine ndinali ndidakali mwana pantchito. Ndinaganiza kuti apolisi akamva za kabokosi aka adzafunsa kuti, mphunzitsi wake wa sayansi ndani? Ndiye ndinakalanda. Ndinamuuza kuti, "Iwe, izi zikumangitsa. Komanso MANEB sifunsa zimenezi. Pita ukawerenge." Anangoti, "Chabwino, sala," n'kumapita.

Kunena zoona, mawu a kabokosiko sankafika n'kubwalo la mpira komwe. Ndikanatha kumufotokozera lamulo, n'kumuuza kuti azikayesera m'kalasi mokha, n'kukagwiritsa ntchito pophunzitsa anzake. Sindinatero. Chochititsa manyazi kwambiri ndi ichi: chaka chomwecho cha 2009 kunatuluka buku la William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, lija la The Boy Who Harnessed the Wind, lofotokoza mmene anapangira magetsi a mphepo ndi zidutswa za njinga. Kwa zaka zingapo ndinkaima pa asembule n'kumauza ana kuti atengere chitsanzo cha Kamkwamba, chikhalirecho kabokosi ka mwana wanga yemwe kali m'thiranki pansi pa bedi.

Mnyamata uja anakhoza MSCE koma mapointi sanamulole kupita ku yunivesite. Ine anandisamutsira kuno ku Balaka, tinatayana. Tinakumananso mu 2019 pa Liwonde, foni yanga itasiya kutchaja. Wondilozera anati, "Pitani kwa uyo, ndiye dokotala." Ndinapeza ndi iye, ali ndi ndevu, mkazi ndi ana awiri. Anandikonzera foni, ndalama anakana. Za kabokosi sanatchule, inenso sindinatchule.

Ndiye Loweruka lapitali ndinafukula thiranki, kabokosi ndinaika m'chikwama, n'kukwera minibasi ya ku Liwonde. Funso la mtsikana uja ndinaona kuti woyankha bwino ndi munthu amene amadya za m'manja mwake.

Kashopu kake kali kufupi ndi msika. Pabenchi pali mita, chitsulo chowotcherera, makina ouzira mpweya wotentha, kamaikulosikopu ndi laputopu yakale. Pansi pali ma amplifier a m'mizikiti ndi m'matchalitchi, ma inverter a sola, ndi mulu wa mafoni a itel ndi Tecno. Nditamufotokozera chimene ndabwerera anaseka, n'kutsitsa pashelefu wailesi yakale yafumbi. Mtima unandigunda: inali ya Nzeru, yofanana ndi imene bambo anga ankamverera MBC ine ndili mwana.

Achinyamata mwina simukudziwa kuti dziko lino linali ndi kampani yakeyake ya mawailesi, Nzeru Radio Company, ku Blantyre. Zipangizo zambiri zam'kati zinkachokera kunja, koma olumikiza anali Amalawi, ndipo m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 wailesi ya Nzeru inali chuma cha pakhomo. Lero simungaipeze yatsopano m'sitolo. M'misika munadzaza mawailesi otchipa ochokera ku Asia, kenaka wailesi inalowa m'foni.

Anatsegula kumbuyo kwa Nzeru ija, pambali pake n'kuikapo bolodi ya foni. "Taonani, sala," anatero. "Umu chilichonse chili ndi miyendo, ma transistor mutha kuwawerenga ndi zala. Akapsa mmodzi mumazula n'kuikapo wina. Ndi mmene anandiphunzitsira madala aja a pa Ntaja. Koma umu," analoza kachinthu kakuda kochepa ngati chikhadabo, "umu ndiye muli foni yonse. Kakafa aka sindingakatsegule. Ndimangosintha, kapena kumuuza mwiniwake kuti pepani, gulani ina. Bambo ake a mtsikanayo sakunama kwenikweni. Theka la tsiku langa ndi masikirini ndi potchajira."

Kusintha kumene ankanenaku kuli ndi mbiri yake. Transistor inapangidwa mu 1947 ku Bell Labs ku America. Mu 1958 Jack Kilby anaonetsa kuti zidutswa zingapo za dera lamagetsi zitha kukhala pa kachidutswa kamodzi, chimene okonza mafoni amachitcha IC. Kuyambira pamenepo zinthu zakhala zikucheperachepera, mpaka lero chip ya foni yapamwamba imanyamula ma transistor oposa mabiliyoni 10. Ntchitonso inagawikana. Ojambula chip amakhala kwina, oiumba kwina, olumikiza foni kwinanso. Kampani ya TSMC ya ku Taiwan, imene Morris Chang anayambitsa mu 1987, imaumba ma chip ojambulidwa ndi makampani ena, ndipo ambiri mwa ma chip apamwamba zedi padziko amatuluka kumeneko. Mafoni a itel ndi Tecno amene tili nawo m'matumbawa ndi a kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, ku China. Kumanga fakitale imodzi yamakono ya ma chip kumadya ndalama zoposa bajeti ya boma lathu ya chaka chonse. Ngakhale mayiko olemera anaona zakuda pakati pa 2020 ndi 2022, pamene ma chip anasowa mpaka mafakitale a magalimoto kuima. Choncho aliyense wouza mwana wa ku Balaka kuti adzaumba ma chip kuno kwathu posachedwa akumunamiza.

Ndinali nditayamba kale kukonza m'mutu mawu okamukhumudwitsira mwaulemu mtsikana uja, pamene mnyamata wanga anatsegula dirowa n'kutulutsa kabolodi kobiriwira, kosalala, kolembedwa zilembo zoyamba za dzina lake pakona. "Koma aka ndinajambula ndekha," anatero.

Ndi kachipangizo koteteza pampu ya madzi. Magetsi akazima n'kubwera mwamphamvu, kapena akabwera ofooka, mota imapsa. Kabolodi kake kamayeza mphamvu ya magetsiwo, ikakwera kapena kutsika mopitirira kamadula, ndipo magetsi akabwerera kamadikira mphindi zingapo kasanayatse. Anawonjezera kuti thanki ikadzadza, kapena madzi akatha pachitsime, pampu izizima yokha. Anakajambula pa laputopu ija ndi pulogalamu yaulere ya KiCad, imene anaiphunzira pa YouTube usiku pamene mabandulo amatchipa. Ubongo wake ndi chip ya mtundu wa pa Arduino, kabolodi kophunzirira kamene kanayambira ku Italy mu 2005. Chojambulacho anatumiza pa intaneti ku fakitale ya ku China, imene imasindikiza ngakhale mabolodi asanu okha pa mtengo wa madola ochepa.

Apa ndi pamene ndinaona mbali ina ya kusintha kuja. Nthawi ya Nzeru, kuti munthu apange chipangizo chake pankafunika fakitale. Lero fakitale yaikulu ili kutali kuposa kale, komabe mnyamata wa pa Liwonde atha kuibwereka kwa tsiku limodzi ali pabenchi pake.

Sanandibisire zovuta. Mabolodiwo anadzera kwa msuweni wake ku Johannesburg chifukwa iye alibe njira yolipirira ndi madola, ndipo anadikira miyezi iwiri. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa zidutswa unakwera usiku umodzi. Anati zotetezera mafiriji zochokera kunja zimagulitsidwa motchipa kuposa mmene iye angagulire zidutswa zokha, ndiye kupikisana nazo n'kutaya nthawi. "Pamene ndimadyera ine, sala, ndi pamene chinthu cha m'sitolo sichikugwirizana ndi vuto la munthu. Amene anajambula inverter iyi sanamvepo kutentha kwa Liwonde mu October. Sadziwa fumbi lathu, sadziwa kuti mphemvu ndi abuluzi amalowa m'kati. Ikafa, mwiniwake sangaitumize ku China. Amabwera nayo kuno."

Mawu akewa anandikumbutsa zinthu ziwiri zimene zinachitika m'dziko mwathu momwemuno. Cha mu 2001 a Gerry Douglas ndi anzawo a Baobab anayamba kuika makompyuta olembera odwala pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe. Sanagule makompyuta wamba. Anatenga timakompyuta totchedwa i-Opener timene tinalephera malonda ku America, n'kutisintha kuti tiziyendera kukhudza sikirini ndi chala, tizidya magetsi ochepa, ndiponso tizigwirabe ntchito ndi mabatire magetsi akazima. Chachiwiri ndi makina a Pumani othandiza makanda obadwa masiku asanakwane kupuma, amene anapangidwa mogwirizana pakati pa Rice University ya ku America ndi madokotala a chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Oyambirira ake ankagwiritsa ntchito timapampu ta m'mabokosi owetera nsomba za m'nyumba. Pa zonse ziwirizi palibe anaumba chip. Anatenga zidutswa zopezeka pamsika wa dziko lonse n'kuzilumikiza molingana ndi chipatala chathu, magetsi athu ndi thumba lathu. Kujambula zipangizo kumene kungatheke kuno ndi kumeneku.

Ndipo tikamanena kuti ku Balaka kulibe za magetsi, tiyeni tiyang'ane bwino. Pa Phombeya pali siteshoni yaikulu ya magetsi ya 400 kV imene inamalizidwa mu 2018 ndi thandizo la Millennium Challenge Corporation. Sitima za malasha zochokera ku Moatize zimadutsa pa Nkaya ndi pa Liwonde kupita ku Nacala, ndipo njanji yamakono imayendera mawailesi ndi zizindikiro zamagetsi. Nsanja za mafoni zili pa phiri lililonse. Ku Golomoti, m'boma la Dedza, kuli munda wa sola wa 20 MW wokhala ndi mabatire osungira mphamvu, umene unayamba ntchito mu 2022. Mapanelo a sola ali pa madenga a udzu ndi m'madimba a m'mbali mwa Shire. Zonsezi zili ndi mabolodi m'kati, ndipo zimafuna munthu wozimvetsa. Kuwonjezera apo, phiri la Kangankunde m'boma lathu lomwe lino lili ndi miyala yokhala ndi neodymium, imene amapangira maginito amphamvu a m'masipika a mafoni ndi m'mamota a magalimoto a magetsi. Kampani ya ku Australia ya Lindian Resources inalowa m'ntchito ya mgodiwu mu 2022. Zimandiwawa kuganiza kuti dothi la kwathu lidzapita kunja m'matumba n'kubwerera m'kati mwa foni, ana athu osadziwa n'komwe chimene chinachitika pakatipo.

Ndinamufunsa mnyamata wanga kuti, "Nanga ukanakhala iwe, ukanamuuza chiyani mwanayu?"

Anakhala chete kanthawi, akupukuta nsonga ya chitsulo chake. Kenaka anati, "Mumuuze apite kusukulu, sala. Chimene chimandisowa ine ndi masamu. Ndimadziwa kuti capacitor iyi ikugwira, iyi ayi, koma chifukwa chake ndimachita kuyesa mpaka nditapsereza zitatu. Wophunzira amawerengera papepala kamodzi. Komanso ntchito zazikulu amafunsa pepala, ine ndilibe. Koma mumuuzenso kuti asakadikire ku yunivesite kuti akagwire chitsulo. Kuno kumabwera ena a madigiri, mita akuigwira ngati njoka."

Apa m'pamene ndinatsegula chikwama. Ndinaika kabokosi ka sopo pabenchi, n'kunena kuti, "Aka ndi kako. Ndinalakwa." Anakayang'ana nthawi yaitali. Anakatsegula, n'kugwira waya uja wa pa chubu cha bolopeni, n'kuseka. "Kankathawathawa siteshoni aka. Ndikangoyandikitsa dzanja, mawu ankasowa. Ndinkaganiza kuti ndi mizimu." Ndinamufotokozera kuti dzanja la munthu likayandikira koyilo limasintha capacitance ya dera lija, ndiye frequency imasuntha. Anagwedeza mutu nati, "Ndinadzazindikira patapita zaka. Mukanandiuza tsiku lomwe lija, sala." Sananene mokwiya, koma mawuwo ndinabwerera nawo mpaka ku Balaka.

Lolemba mtsikana uja anabwera. Ndinamuuza kuti bambo ake akunena zoona pa zinthu zingapo. Makampani olemba ntchito ojambula zipangizo m'dziko muno ndi ochepa, ndipo ambiri ophunzira electronics amathera ku makampani a mafoni, a magetsi, a sola, kapena kusamalira makina a m'zipatala ndi m'mafakitale. Ena amapita kunja. Unamwino ndi ntchito yolemekezeka, ndipo odwala sadzatha, ngakhale kuti anamwino nawonso amatha kukhala pakhomo kudikira kulembedwa. Bambo amene wagulitsa nandolo ndi thonje kuti alipire fizi akamati fodya wako ndi amene ali pamphuno, si mbuli ayi.

Koma ndinamuuzanso za kabolodi kobiriwira ka pa Liwonde, za Baobab ndi za Pumani. Ndinamuuza kuti ku MUBAS, imene mpaka 2021 tinkaitcha Polytechnic, kuli maphunziro a electronics, ndipo MUST ya ku Thyolo, imene inatsegulidwa mu 2014, ili ndi uinjiniya wa zipangizo za m'chipatala, umene uli pakatikati pa zofuna zake ndi zofuna za bambo ake. Mapointi akapanda kukwana kuli makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA. Ndinamuchenjeza kuti masiku ano wojambula bolodi ayeneranso kudziwa kulemba mapulogalamu a kompyuta, chifukwa pafupifupi chipangizo chilichonse chili ndi kachip kofuna kuuzidwa chochita. Chimene sindinachite ndi kumusankhira. Ndinasankhirapo kale mwana wa munthu, ndipo ndinasankha poopa za ine mwini.

Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa funso limodzi lokha: "Sala, bolodiyo ndingakaione?"

Tagwirizana ndi a hedi kuti mnyamata wanga wa pa Liwonde azibwera Loweruka limodzi pamwezi kudzaphunzitsa kalabu ya sayansi kuwotcherera ndi kugwiritsa ntchito mita. Thiransipoti ndizimulipirira ndine. Ana ndawauza atolere mawailesi akufa, matochi a sola ndi matchaja otha ntchito m'makomo mwawo. Pofika dzulo labu inali itayamba kuoneka ngati dzala, ndipo alonda akudandaula.

Kwatsala bambo aja. Atumiza uthenga kuti akufuna tionane Lamlungu akatuluka m'tchalitchi. Sindikudziwa kuti tikathera pati, ndipo mwana ndi wawo. Ndapempha kubwereka kabolodi kobiriwira kaja kuti ndikakanyamule, akakagwire okha ndi manja.

Aphunzitsi anzanga, makamaka inu a sayansi m'masukulu oyendera, ngati muli ndi chinthu cha mwana chimene munalanda chili m'dirowa, tachitulutsani muchiyang'anenso. Tionana ndikabwerako kwa bambo aja.